Breaking Dawn: nkhondo imene inathera pakamwa

Mtsikana wina wandilembera imelo. Wangomaliza mabuku anayi a Twilight olembedwa ndi Stephenie Meyer. Akuti atatu oyambawo ankawerenga mpaka tambala kulira, koma lomaliza, Breaking Dawn la mu 2008, lamugwetsa ulesi. Akufunsa kuti, "Vuto ndi ine kapena bukulo? Nanga filimu yake ndionere?"

Achemwali, vuto si inu. Amene simunawerenge bukuli imani pompano, chifukwa ndiulula mathero.

Kuyambira buku loyamba la mu 2005, Meyer ankatiuza kuti Bella, mtsikana wa m'nkhaniyi, akafuna kukhala vampire (cholengedwa chosafa chomwa magazi) ngati wokondedwa wake Edward Cullen, alipira mtengo wowawa. Asiyana ndi bambo ake, a Charlie, sadzabereka, ndipo miyezi yoyamba ludzu la magazi lidzamuchititsa misala. Rosalie, mlongo wake wa Edward, anachita kumuchenjeza kuti akutaya zinthu zosabwerera. Ndiye taonani zimene zinachitika. Mwana anabereka, Renesmee, asanasanduke. Atasanduka anadziletsa tsiku loyamba lomwe, atamva fungo la anthu m'nkhalango. A Charlie anapitiriza kubwera kudzacheza ngati palibe chasintha. Ngongole yonse imene wolemba anatilonjeza inangofufutidwa, osalipira ngakhale tambala imodzi.

Za Jacob, mnzake wa Bella amene amasanduka mmbulu, ndiye ndisayambe. Mnyamata anavutika ndi chikondi cha pa Bella mabuku awiri athunthu, kenaka mtima wake n'kukamatirira pa khanda la Bella lomwelo. Akuti yankho limenelo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya a Volturi, mafumu a ma vampire, amene akubwera kudzalanga banja la Edward poganiza kuti Renesmee ndi mwana woletsedwa. Banja la a Cullen likusonkhanitsa mboni kuchokera ku Egypt, Ireland, Romania ndi ku Amazon. Bella akuphunzira kutambasula mphamvu yake yonga chishango kuti ateteze maganizo a anzake. Masamba akutha, mtima uli phaphapha. Tsiku lafika, magulu awiri ayang'anizana pa chipale chofewa kufupi ndi tauni yawo ya Forks, ndipo akungokambirana! Alice, mlongo wina wa Edward amene amaona zam'tsogolo, akutulukira ndi Nahuel, wobadwa kwa mayi munthu ndi bambo vampire ngati Renesmee, kusonyeza kuti mwanayo si woopsa, basi Aro, mtsogoleri wa a Volturi, ndi anthu ake n'kubwerera ku Italy. Amene wafa pabwalopo ndi Irina yekha, amene anakaneneza a Cullen kwa a Volturi, munthu woti owerenga sitinamuzolowere n'komwe.

Sindikunena kuti buku labwino ndi lokhetsa magazi. Mlandu wothera pa zokambirana ukhoza kukoma, bola wina atayepo kanthu kamene amakakonda. Apa aliyense wapita kwawo manja ali odzaza.

Filimu onerani, makamaka gawo lachiwiri la mu 2012. Opanga ake anaona dzenje lomweli, ndiye anaikamo nkhondo yeniyeni: Carlisle, bambo wa banja la a Cullen, akudulidwa mutu, Jasper, mwamuna wa Alice, akufa, mimbulu ya gulu la Jacob ikugwa. Kenaka mumazindikira kuti anali masomphenya chabe amene Alice ankaonetsa Aro kuti achite mantha. Ndi chinyengo ndithu, koma kwa mphindi zochepazo mumaopa kuti anthu amenewa atha, mantha amene bukulo linakumanani.