Funsani Amakaniko: Golf Yanga Ikutsamwa, Ndigule Camshaft Yatsopano?

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi Golf 5 GTI ya 2007. Ndinachotsa turbo yake ya K03 n'kuikamo yokulirapo ya K04, ndipo kompyuta yake anaisinthanso. Tsopano ndikaponda moto mu giya 4, ikafika cha m'ma 3,500 rpm imatsamwa, kenako n'kupitiriza. Makina oyezera akuonetsa P0087. Anzanga akuti ndigule camshaft ya mpikisano. Nditero? Wowerenga, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, ndalamayo ibwezereni kaye m'thumba. P0087 ikutanthauza kuti petulo sakufika ku ma injector, tizipangizo tothira petulo mu injini, ndi mphamvu yokwanira. Camshaft ya mpikisano imatsegula ma valve kwambiri komanso kwa nthawi yotalikirapo kuti mpweya ulowe wambiri, koma inu mpweya muli nawo kale wosefukira chifukwa cha K04. Chikusowa ndi mafuta.

Injini yanuyo, EA113, imathira petulo molunjika m'silinda, choncho ili ndi mapampu awiri. Ya m'thanki ndi yamagetsi, imakankha pafupifupi 5 bar. Yachiwiri ili pamutu pa injini, imafika cha pa 110 bar, ndipo chimaipopa ndi chotupa chimene chili kumapeto kwa camshaft ya mbali yolowera mpweya. Pampuyi ili ngati mjigo: kutsitsa chogwirira kamodzi, madzi ake ndi omwewo, kaya ludzu lakula bwanji. N'chifukwa chake galimoto ikutsamwira pakatikati. Pa 3,500 rpm turbo yadzaza kale, pamene camshaft sinafike pozungulira mwaliwiro loti pampu ipope kokwanira. Rpm ikakwera, pampu imapezanso mpata.

Musanagule kalikonse, masulani pampuyo muone cam follower, kachitsulo kokhala pakati pa pampu ndi camshaft. Pa EA113 kachitsuloka n'kafulati, kamangokhuzika, ndipo kamadyeka mpaka kubooka. Kakabooka, pisitoni ya pampu imayamba kukanda camshaft, zinyenyeswazi n'kulowa mu oyilo. Volkswagen inaikamo kokhala ndi kagudumu pa injini yotsatira, EA888. Mukapeza utoto wakuda wa pamwamba pake wasuluka, sinthani. N'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi camshaft. Onaninso chotupa chija ngati sichinaphwe.

Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, pitani kwa amene anasintha kompyuta uja, alumikize VCDS, makina oyezera galimoto za Volkswagen, muyende naye pamsewu. Ayerekeze mphamvu ya petulo imene kompyuta ikupempha ndi imene ikufikadi. Ikamatsalira m'mbuyo, pampu yafika pamapeto pake, ndipo mankhwala ake ndi pisitoni yokulirapo ya m'kati mwa pampu. Dziwani kuti imeneyi imalemetsanso follower, ndiye muzikaona pafupipafupi. Ayezenso pampu ya m'thanki ndi fyuluta.

Anzanuwo sakunama kotheratu. Ku America, pa injini ya LT1 ya Corvette ya 2014, ogulitsa ma camshaft amakulitsa chotupa cha pampu, ena ndi 32 peresenti, kuti mafuta achuluke. Mwina n'kumene anaimva nkhaniyi. Komabe imeneyo ndi V8 ya malita 6.2 yopanda turbo, yomwe camshaft imaipatsadi mphamvu zooneka. Pa Golf ya K04 ine sindingayambire pamenepo.

Pakadali pano lekani kuiponda mpaka pansi. Petulo akachepa turbo ili mkati mokankha, silinda imatentha mopitirira ndipo pisitoni imatha kusungunuka.