Kwa achimwene amene akufuna kukacheza ku Canada mu Disembala

Achimwene, mwalemba kuti inu ndi alamu athu mukufuna kukacheza ku Canada masabata awiri mu Disembala, mukaone Toronto, mathithi a Niagara, Vancouver, mapiri a ku Banff, komanso kuwala kuja kumaoneka kumwamba usiku kumpoto. Mwafunsanso zoti mukonzekere ndiponso kuti anthu ake ndi otani. Ine ndimakhala ku Ontario, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa malo mwatchulawa andichulukira ndipo sindikufuna kuti ndalama zanu zikathere m'mabwalo a ndege.

Chepetsani malo. Canada ndi dziko lachiwiri kukula padziko lonse, loposedwa ndi Russia yokha, ndipo Malawi yathu yonse ingalowemo maulendo oposa 80. Kuchoka ku Toronto kupita ku Vancouver ndi maola pafupifupi 5 pa ndege, ndipo mukatera mumapeza nthawi yabwerera m'mbuyo. Sitima ya VIA Rail yotchedwa The Canadian imayenda mtunda womwewo masiku 4. Kuwala kwa kumpotoko anthu amakakuonera ku Yellowknife kapena ku Whitehorse, komwe ndi ulendo winanso wa ndege wodula, ndipo mitambo ikaphimba mumabwerako osaona kanthu. Ine ndikanakhala inu ndikanakhazikika kum'mawa: Toronto, Niagara, Ottawa, Montreal ndi Quebec City. Niagara ndi pafupifupi makilomita 130 kuchoka ku Toronto, mutha kupita m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo mizinda inayo ili pa njanji imodzi. Toronto mpaka Montreal ndi maola 5 kapena kupitirira pang'ono. Banff ndi Vancouver muwasungire ulendo wina wa mu Julaye kapena Ogasiti, nthawi imene nyanja ya Lake Louise ya ku Banff imakhala yasungunuka ndipo mtundu wake wobiriwira uja umaoneka.

Tsopano za kuzizira, zomwe ndikufuna muzimve bwino. Tangoganizani m'bandakucha wa ku Dedza mu Juni; kuno tsiku lotero mu Disembala anthu amati kwafunda. Ku Toronto kumafika madigiri 5 kapena 10 pansi pa ziro, ku Ottawa ndi ku Quebec City 20 pansi pa ziro si zachilendo, ndipo mphepo ikawomba thupi limamva kuzizira koposa pamenepo. Makutu, mphuno ndi zala ndi zimene zimayamba kuvulala, ndipo zimavulala mwakachetechete: zimangochita dzanzi, munthu n'kumaganiza kuti wazolowera. Mukamva dzanzi lowani m'nyumba iliyonse yapafupi, kaya ndi sitolo kaya malo omwera khofi, palibe amene angakuthamangitseni.

Chinsinsi chake ndi kuvala zovala zingapo mosanjikiza, osati chijekete chimodzi chachikulu. Mkati muvale chovala chothina chosunga kutentha, pamwamba pake juzi, kenaka jekete yotchinga mphepo. Chifukwa chake n'choti m'nyumba, m'basi ndi m'sitolo mumatentha kwambiri, ndiye mumafunika kuvula zina mukalowa. Mukatuluka thukuta m'kati n'kubwerera panja, thukutalo ndi limene limakuzizirani. Chipewa chophimba makutu, magolovesi, masokosi okhuthala, ndi nsapato zosalowa madzi zokhala ndi mapazi ogwira bwino pansi, zimenezi musazinyalanyaze. Alendo ambiri amavulala chifukwa choterereka pa madzi oundana osaoneka pamsewu, choncho yendani timasitepe tifupitifupi, manja ali kunja kwa matumba. Jekete ndi nsapato mungagule mutafika, masitolo a kaunjika monga Value Village alipo ndipo amatchipa, koma pochoka ku Kamuzu kapena ku Chileka mukhale ndi juzi ndi chipewa m'chikwama cha m'manja. Mutengenso mafuta odzola okhuthala chifukwa khungu limauma mpaka kung'ambika. Dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko madzulo, ndiye zoona panja muziyamba m'mawa.

Musaope ayi, Disembala ali ndi kukongola kwake. Mabwato opita pafupi ndi mathithi a Niagara nthawi zambiri sayenda nyengo yozizira, koma usiku mathithiwo amawalitsidwa ndi magetsi amitundumitundu. Quebec City, mzinda umene Samuel de Champlain anauyambitsa mu 1608, ukakutidwa ndi chipale chofewa m'kati mwa malinga ake akale, ndi malo amene ine ndimawakonda kuposa onse. Ku Toronto kukazizira kwambiri pali njira za pansi pa nthaka zotchedwa PATH, makilomita oposa 30 a masitolo ndi malo odyera. Koma mukafika ku Niagara musawoloke mlatho wa Rainbow Bridge: tsidya linalo ndi America, ndipo viza ya Canada siigwira ntchito kumeneko.

Nkhani ya vizayi ndiyambe nayo bwino. Ife a pasipoti ya Malawi timafunika viza ya alendo, yofunsira pa intaneti pa tsamba la boma la Canada, ndipo amatenganso zidindo za zala ndi chithunzi. Zimatha kutenga masabata ambiri, choncho yambani lero ndipo musagule tikiti viza isanatuluke. Chimene akuluakulu opereka viza amafuna kuona ndi umboni woti mudzabwerera kwanu: ntchito, bizinesi, ana, nyumba, ndi ndalama zimene zakhala zikuyenda mu akaunti yanu, osati zongoponyedwamo dzulo. Aliyense wokulonjezani ntchito pa viza ya alendo akukunamizani, ndipo chikalata chabodza chimodzi chingakutsekereni khomo zaka 5. Posankha ndege onetsetsani kuti siidutsa ku America, chifukwa ngakhale kungosintha ndege kumeneko kumafuna viza yawo. Ethiopian Airlines imafika ku Toronto kudzera ku Addis Ababa. Gulaninso inshulansi ya zaumoyo. Chipatala chaulere chimene mumamva chija ndi cha nzika ndi okhazikika. Mlendo amalipira yekha, ndipo kuthyoka mwendo kungadye madola zikwi zambiri.

Ndikudziwa kuti alamu adzafuna kunyamula ufa, usipa, mtedza ndi kambuzi. Pabwalo la ndege amafunsa ngati muli ndi chakudya, zomera kapena zochokera ku nyama. Nenani zonse. Mukanena, choipa chimene chingachitike ndi kukulandani chinthucho basi. Mukabisa n'kukupezani nacho, chindapusa chimafika madola 1,300. Nyama, mkaka ndi mbewu zodzala zisiyeni kunyumba. Ndalama zokwana madola 10,000 a ku Canada kapena kuposa muyeneranso kuzinena. Ndipo chamba, ngakhale chinaloledwa kuno mu 2018, kuwoloka nacho malire, polowa kapena potuluka, ndi mlandu waukulu.

Pa ndalama pali zinthu ziwiri zimene zimadabwitsa alendo. Mtengo wolembedwa pa katundu sukhala ndi msonkho. Ku Ontario amawonjezera 13 peresenti polipira, ku Quebec pafupifupi 15. Ndipo mu lesitilanti yokhala pansi n'kukuperekerani chakudya, mumawonjezera 15 mpaka 20 peresenti ya woperekera. Kusasiya kanthu kumaoneka ngati mwanyoza ntchito yake. Magetsi awo ndi a mphamvu ya ma volts 120, mapulagi ndi osiyana ndi athu, ndiye gulani adaputa. Magalimoto amayenda kumanja, choncho powoloka msewu yambani kuyang'ana kumanzere. Galimoto yobwereka musaiganizire n'komwe m'nyengo ya chipale. Pakagwa zadzidzidzi nambala ndi 911.

Anthu ake ndi aulemu, koma ulemu wawo ndi wopatsana mpata. Munthu adzakugwirirani chitseko, adzapepesa ngakhale mwamugunda ndinu, koma sadzakuitanani kunyumba kwake tsiku lomwelo, ndipo kufika pakhomo pa munthu osaimba foni sikuchitika. Mukaitanidwa fikani pa nthawi yake, mutenge kamphatso, ndipo muvule nsapato pakhomo. Akakuuzani kuti tiyeni tikadye ku lesitilanti, nthawi zambiri aliyense amalipira zake. Musafunse munthu malipiro ake, kapena chifukwa chimene sanakwatire kapena alibe mwana. Mwana wa eni musamunyamule, kumugwira tsaya kapena kumujambula, ngakhale mtima wathu wachimalawi umafuna kutero. Makolo ake amachita mantha. Pamzere aliyense amadikira malo ake. Amuna okhaokha kapena akazi okhaokha okwatirana ndi ololedwa mwalamulo kuyambira 2005, mudzawaona, ndipo kuwayang'anitsitsa kapena kuwanena kungakuikeni m'mavuto. Ku Quebec chilankhulo ndi Chifalansa ndipo amachinyadira kwambiri; yambani ndi "Bonjour" musanalankhule Chingelezi, mudzaona nkhope zikumasuka.

Chimodzi chimene ndikupemphani kuti muchitenge ndi mtima wonse ndi nkhani ya eni nthaka, amene amatchedwa First Nations, Inuit ndi Métis. Mayina akale monga "Eskimo" kapena "Red Indian" ndi achipongwe, musawatchule. Kwa zaka zoposa 100 boma ndi mipingo ankalanda ana awo n'kuwaika m'masukulu ogonera komweko, kuwaletsa chilankhulo chawo, ndipo ana ambiri anafera kumeneko. Masukulu omaliza anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990 zomwezi, choncho amene anadutsamo akadali moyo. Kuyambira 2021, pa 30 Seputembala dziko limakumbukira zimenezi ndipo anthu amavala malaya a olenji. Mukafika ku Ottawa muwoloke mtsinje mupite ku Canadian Museum of History ku Gatineau, mupatule theka la tsiku, mbiri ya anthuwa ili mmenemo.

Zakudya mulawe poutine ku Montreal, tchipisi tothira tchizi ndi msuzi wotentha, komanso madzi otsekemera a mtengo wa maple omwe ndi abwino kutengera ana kunyumba. Mukasowa nsima, ufa woyera umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa mu Toronto. Poimbira kunyumba kumbukirani kuti mu Disembala Malawi imakhala patsogolo ndi maola 7, ndiye ana muziwaimbira mukangodzuka. Viza ikatuluka mundiuze masiku anu, tidzaonere limodzi matikiti a sitima, chifukwa a nthawi ya Khrisimasi amatha msanga ndipo amakwera mtengo.