Funsani Mlangizi: Kodi ndingachoke ku banki n'kukayang'anira mainjiniya ku Google?

FUNSO

Bambo mlangizi, ndine mayi wa zaka 35 ndipo ndagwira ntchito zaka 11 m'nthambi ya zachuma ya banki ina kuno ku Blantyre. Ndinamaliza maphunziro a akawunti a ACCA, ndipo pano ndimayang'anira anthu 7. Chaka chatha banki yathu inasintha sisitimu yosungira maakaunti a makasitomala, ndipo ndinagwira ntchito limodzi ndi mainjiniya a mapulogalamu kwa miyezi 9. Ntchitoyo inandisangalatsa kuposa kutseka mabuku pakutha pa mwezi. Tsopano ndikulakalaka udindo wa Engineering Manager (woyang'anira mainjiniya) ku kampani ngati Google, Microsoft kapena Amazon. Excel ndimaidziwa bwino, SQL (chilankhulo cha pakompyuta chofufuzira zomwe zasungidwa m'sisitimu) pang'ono, koma sindinalembepo pulogalamu yomwe anthu amagwiritsa ntchito. Kodi luso langa loyang'anira anthu lingandilowetse, kapena ndiyambe ndachita MBA (digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi)?

Wowerenga wa ku Namiwawa

YANKHO

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi mbali yowawa, chifukwa kukubisirani kungakuwonongereni nthawi ndi ndalama: mmene zinthu zilili panopa, CV yanu siingadutse pa udindo umenewo, ndipo MBA siingasinthe zimenezo. Ku makampani amenewa, woyang'anira mainjiniya kawirikawiri amakhala munthu amene naye anakhalapo injiniya kwa zaka zingapo, analemba mapulogalamu, ndipo anadzutsidwapo pakati pa usiku chifukwa choti sisitimu yomwe anamanga yagwa. Pa intavyu amakufunsani za kayendetsedwe ka anthu, inde, koma amakupatsaninso funso la system design, monga kufotokoza mmene mungamangire njira yolipirira yomwe anthu mamiliyoni angagwiritse ntchito nthawi imodzi popanda ndalama ya munthu kudulidwa kawiri.

Chifukwa chake chili m'ntchito yeniyeniyo. Mainjiniya awiri akasemphana maganizo pa kamangidwe ka pulogalamu, amapita kwa manejala. Wina akanena kuti ntchito itenga masabata 6, manejala ayenera kuzindikira ngati akunena zoona, akudzipatsa mpata wochuluka, kapena sanaone dzenje lomwe lili kutsogolo. Nthawi yokweza anthu paudindo ikafika, iye ndiye amakaimira munthu wake n'kufotokoza chifukwa chake ntchito yomwe anagwira inali yovuta. Inuyo mukudziwa mmene zingakhalire munthu wosadziwa kusiyana kwa debit ndi credit atapatsidwa kuti ayang'anire anthu anu 7 pamene ofufuza mabuku a ndalama ali pakhomo.

Komabe musaone ngati zaka zanu 11 zapita pachabe. M'chaka cha 2002 Google inayesa kuchotsa mamanejala a mainjiniya, koma patangopita miyezi yochepa inawabwezeretsa. Pambuyo pake kampaniyo inachita kafukufuku wotchedwa Project Oxygen wofuna kudziwa zomwe manejala wabwino amachita, ndipo kulangiza anthu, kuwamvetsera ndi kusawapanikiza pa tinthu tating'onoting'ono zinali pamwamba. Luso la uinjiniya linalipo pamndandandawo, koma cha kumunsi. Ine ndimaimva nkhaniyi motere: uinjiniya ndiwo umakutsegulirani chitseko, pamene zomwe inu muli nazo kale ndizo zimakuchititsani kukhala wabwino mukalowa, ndipo mainjiniya ambiri amavutika nazo zaka zoyambirira.

Anthu amakonda kutchula Jeff Bezos, amene anachoka ku kampani ya zachuma ya D. E. Shaw ku New York n'kukayambitsa Amazon mu 1994. Chomwe amaiwala n'chakuti iye anali ndi digiri ya uinjiniya wa magetsi ndi sayansi ya makompyuta kuchokera ku Princeton. Ruth Porat naye anachoka ku Morgan Stanley kupita ku Google mu 2015, koma anakakhala mkulu wa zachuma, ntchito yomwe ankagwira kale.

Njira yomwe ndikuiona kuti ingakuthandizeni ndi yolowera cham'mbali, ndipo ikuyambira pomwe muli. Banki ndi malo a ukadaulo kale: muli ma ATM, kulumikizana ndi National Switch (njira yolumikizira mabanki a m'dziko muno), kutumiza ndalama pakati pa akaunti ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pemphani kusamukira ku gulu lomwe limamanga zinthu zimenezi, ngakhale dzina la udindo litaoneka ngati latsika. Mainjiniya ambiri sadziwa chifukwa chake reconciliation (kufananitsa mabuku a ndalama) imalephera, kapena zomwe Reserve Bank of Malawi imayembekezera m'malipoti, pamene inu mumazidziwa pamtima. Phunzirani Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), limbikitsani SQL yanu, ndipo mulembe kapulogalamu kamene kathetse vuto lenileni la mu ofesi mwanu, kenaka mupemphe injiniya wodziwa kuti akaunike code yanuyo mosakunyengererani. Ngati muli ndi ndalama ya sukulu, ndingakonde muiike pa maphunziro a makompyuta, kaya ku MUBAS ku Chichiri kapena a pa intaneti, kusiyana ndi MBA, yomwe ikubwerezerani zambiri zomwe munaphunzira kale mu ACCA.

Dziwaninso kuti pali maudindo ena awiri omwe ali pafupi nanu. Product Manager amasankha chomwe chimangidwe ndi chifukwa chake, pamene Technical Program Manager amalumikizanitsa magulu angapo a mainjiniya kuti ntchito yaikulu ithe pa nthawi yake. Zomwe munachita pa miyezi 9 ija zikufanana kwambiri ndi udindo wachiwiriwu, ndipo ndikuganiza kuti mwina ndicho chinakusangalatsani. Dzifunseni moona mtima, chifukwa ngati ndi choncho, ulendo wanu wafupika ndi zaka zingapo.

Za komwe kuli ntchito, simukuyenera kuyang'ana ku America kokha. Amazon ili ndi mainjiniya ku Cape Town kuyambira 2004, Microsoft inatsegula Africa Development Centre ku Nairobi mu 2019, ndipo Google inalengeza malo ake opangira mapulogalamu mumzinda womwewo mu 2022. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Novembala 2022 Meta, kampani ya Facebook, inachotsa ntchito anthu 11,000, mu Januwale 2023 Google inachotsa 12,000, ndipo mu 2024 Amazon inanena poyera kuti ikufuna kuchepetsa chiwerengero cha mamanejala poyerekeza ndi anthu omwe amawayang'anira. Choncho mukupikisana ndi mamanejala odziwa ntchito omwe akusakanso malo, ndipo n'chifukwa chake sindikukulangizani kusiya ntchito ya ku banki kuti muzikaphunzira muli pakhomo.

Sabata ino, kaonaneni ndi mkulu wa IT pa banki yanu, mumufunse ntchito yomwe ikubwera yokhudza zolipirira, ndipo mumuuze kuti mukufuna kuiyendetsa inuyo kuchokera poyambira mpaka tsiku lomwe makasitomala adzayambe kuigwiritsa ntchito. Ikadzatha mudzandilemberenso, tidzakambirane mmene mungailembere pa CV.