Kodi kusamukira ku Teams kudzutsa kalasi ya MBA yomwe ili chete pa WhatsApp?

Mphunzitsi wina wa maphunziro a MBA (digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi) a kumapeto kwa sabata wandilembera imelo kudandaula kuti gulu la WhatsApp la kalasi yake langodzaza moni wa m'mawa ndi mauthenga a maliro, koma akaponya funso la phunziro palibe woyankha. Akufunsa ngati kusamukira ku Microsoft Teams kapena Slack, mapulogalamu olumikizirana anthu ogwira ntchito limodzi, kungathetse vutoli.

Aphunzitsi, sindikhulupirira kuti kusamuka kokha kungathandize. Ophunzira anuwo ndi maakauntanti, mamanejala a mabanki ndi akuluakulu a m'boma amene amaweruka atatopa, ndipo ena mwezi ukamatha amachezera kutseka mabuku a kuntchito, choncho chimene chikuwasowa ndi ola limodzi loti onse akhale omasuka. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni muiike pamalo pamene aliyense angalowe pa nthawi yake, wina m'bandakucha, wina ana atagona.

Ndikulangizani kuti muwagawe m'magulu a anthu anayi kapena asanu, gulu lililonse lilembe chikalata chimodzi pa Google Docs, pulogalamu ya pa intaneti imene anthu angapo amatha kulembapo chikalata limodzi. Ubwino wake ndi wakuti mbiri ya chikalatacho imaonetsa amene walemba chiyani ndi tsiku lake, motero amene amangodyera anzake masuku pamutu amaonekera poyera. Mupereke malikisi pa zimenezi, ndipo inuyo muzilowamo kusiya ndemanga pasanathe masiku awiri, pakuti munthu wotanganidwa sabwerera kumene sayankhidwa. WhatsApp musaitaye, popeza bandulo yake imakhala yotsika mtengo. Ikhale yokumbutsana masiku operekera ntchito basi. Mukafuna kukumana pa vidiyo, pulogalamu ya Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, zomwe n'zokwanira kukambirana mfundo imodzi yokonzedwa kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chinsinsi cha kuntchito. Ophunzira otere amachangamuka mukawafunsa za mavuto a m'maofesi mwawo, koma m'kalasi imodzi mungakhale antchito a mabanki awiri opikisana, ndipo chithunzi cha uthenga chikatuluka m'gulu munthu angachotsedwe ntchito. Gwirizanani kuyambira tsiku loyamba kuti mayina a makasitomala ndi ziwerengero zomwe kampani sinalengeze zisalembedwe. Ngati phunziro likufuna ziwerengero zenizeni, ophunzirawo atenge malipoti apachaka a makampani olembedwa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, omwe ali kale poyera, awasanthule limodzi m'chikalata chawo.