Kodi neti ya opaleshoni ya phudzi iyenera kukhomeredwa?

Bambo wina wa ku Area 25 wandilembera pa imelo kuti dokotala akufuna kuwachita opaleshoni ya phudzi, imene achipatala amaitcha inguinal hernia, pogwiritsa ntchito kamera yolowetsa pa timabowo titatu ta pamimba, ndipo adzawaikira neti yotchedwa mesh. Anamva kuti madokotala ena amakhomera netiyo ndi timisomali pamene ena amangoiyala, ndiye akufunsa ngati yosakhomerayo singasunthe akadzayambiranso kunyamula matumba a simenti.

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma chimene chimagwira neti kwenikweni si msomali ayi, ndi malo amene yaikidwa. Kaya dokotala adzera njira ya TEP, imene salowa mmene muli matumbo, kaya ya TAPP, imene amalowamo n'kudula kachikopa kopyapyala kokuta matumbo kenako n'kukatsekanso, netiyo imagona kuseri kwa minofu ya pamimba. Kawirikawiri imakhala ya pulasitiki wotchedwa polypropylene, yaikulu pafupifupi masentimita 10 mulifupi ndi 15 mulitali, kuti ipitirire mbali zonse bowo limene phudzi likutulukira. Okonza njinga za kabaza amachidziwa bwino chimenechi, chifukwa akaika chigamba mkati mwa tayala long'ambika, mpweya wa mu chubu ndi umene umachikanikizira pamalo pake. Mimba nayonso imakanikiza neti chimodzimodzi, ndipo pakapita masabata angapo mnofu umamera m'timabowo take n'kuigwiriratu.

Timisomali, kaya ta titanium kaya tosungunuka tokha m'thupi, timagwira zolimba, koma ndimatiopa tikachuluka. M'munsi mwa mzere wa mnofu wolimba wa cham'mphechepeche wotchedwa iliopubic tract mumadutsa mitsempha imene imachititsa kuti khungu la pantchafu lizimva kukhudzidwa, ndipo msomali ukaibaya, munthu angathe kukhala ndi ululu woyaka kapena dzanzi kwa miyezi ngakhalenso zaka. Pafupi pomwepo pamadutsanso mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita kumwendo, pamene sipayenera kukhomedwa kanthu kalikonse. Dokotala wosamala amakhoma pang'ono chabe, makamaka pa mnofu wolimba wotchedwa Cooper's ligament, pafupi ndi fupa la pachinena. Kwa ine, ululu wosatherapo ndi vuto loyenera kuliopa mofanana ndi kubwereranso kwa phudzi, chifukwa munthu wopeza chakudya ndi mphamvu zake sangagwire ntchito akumva moto m'mphechepeche.

Palinso guluu, wa fibrin kapena wa cyanoacrylate, amene amamata popanda kubaya, ndiponso neti zokhala ndi timinga tosungunuka zimene zimadzigwira zokha. Zonsezi zimakweza mtengo wa opaleshoni.

Malangizo a padziko lonse a gulu la madokotala a opaleshoni ya phudzi lotchedwa HerniaSurge, amene anatuluka mu 2018, amanena kuti pa TEP nthawi zambiri sipafunika kumanga neti. Amalimbikitsa kumanga pamene phudzi ndi la mtundu wa direct, lotulukira molunjika pakhoma lofooka la mimba, ndipo bowo lake lapitirira masentimita 3, popeza pamenepo neti ingathe kukankhidwira m'bowomo.

Choncho mukakumananso ndi dokotala wanu, muwafunse mtundu wa phudzi lanu, kukula kwa neti imene adzaike, ndiponso chimene adzachite akapeza bowo lalikulu ali mkati mwa opaleshoni, pakuti kukula kwenikweni kwa bowolo kumaoneka bwino kamera italowa kale. Muwauzenso mosabisa kuti ntchito yanu ndi yonyamula matumba a makilogalamu 50, kuti akuuzeni tsiku loyenera kuyambiranso.