Wotchi ya agogo a ku Wenela: kodi inafa?

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg. Nditapita kumudzi ku Dedza chaka chatha, amayi anandipatsa wotchi yapamkono ya malemu agogo anga aamuna, imene anagula ali ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko. Inalembedwa kuti Seiko 5, ilibe batire, ndipo ndikaivula masiku awiri imaima. Wogula zinthu zakale wina m'tauni akuti ndi yakufa, ndingomugulitsa. Kodi akunena zoona?
Wowerenga wa ku Rosettenville

YANKHO: Bambo, musaigulitse, wotchiyo sinafe. Mawotchi a mtundu umenewu amayendera sipuling'i, ndipo m'kati mwake muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka n'kumakunga sipuling'iyo. Mukaiika pansi, mphamvu imatha pakadutsa maola pafupifupi 40. Muigwedeze pang'onopang'ono, muikonze nthawi, muivale, idzayambanso kuyenda.

Mwini wake wa dzina la Seiko anali Kintaro Hattori, amene anatsegula sitolo yogulitsa ndi kukonza mawotchi ku Tokyo mu 1881, kenaka fakitale ya Seikosha mu 1892. Wotchi yawo yoyamba yapamkono, yotchedwa Laurel, inatuluka mu 1913, ndipo dzina la Seiko linayamba kulembedwa pa mawotchi mu 1924, chivomezi chachikulu cha 1923 chitawononga fakitaleyo. Seiko 5 inabwera mu 1963, yolimba koma yosaboola m'thumba, n'chifukwa chake munthu wa kumgodi akanatha kuisungira ndalama. Kampani yomweyi ndiyo inatulutsa Astron mu 1969, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz yoyendera batire, ndipo mafakitale ambiri a ku Switzerland anatsekedwa m'zaka zotsatira chifukwa cha mawotchi oterowo.

Tsopano itembenuzeni muone nambala imene ili kumbuyo. Nambala yoyamba ikuimira nambala yomalizira ya chaka chimene wotchiyo inapangidwa, yachiwiri ikuimira mwezi, ndipo zilembo O, N ndi D zikuimira miyezi itatu yomaliza. Ngati agogo anapita Dr. Banda asanaimitse ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndiye kuti 9 akutanthauza 1969 ndipo 2 akutanthauza 1972.

Kunena zoona, mawotchiwa anapangidwa ochuluka zedi, choncho mtengo wake si waukulu, ndipo timiyala tolembedwa kuti "21 jewels" ndi topangidwa m'fakitale pofuna kuchepetsa kuperepeseka kwa zitsulo, si miyala yolemeretsa munthu. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mafuta a m'kati, amene mwina anauma kalekale. Muipereke kwa mmisiri wodziwa mawotchi a sipuling'i, osati wongosintha mabatire, kuti aitsuke ndi kuithira mafuta atsopano. Mumuuziretu kuti asasinthe nkhope yake kapena kupala zokandika za m'mbali, ndipo musasambe nayo, pakuti timphira totchinga madzi tinakalamba.