Yankho: kodi makina oziziritsa ndi madzi angathandize pakhonde?

Mwafunsa ngati makina onyamulika aja oziziritsa mpweya ndi madzi angagwire ntchito pakhonde lopanda makoma. Angathandize ndithu, koma zimadalira chinyezi cha mumpweya kwanuko.

Mkati mwake muli fani yokoka mpweya wotentha kudutsa pa zinthu zonga siponji zonyowa. Madzi akamauma amatenga kutentha, monga thukuta limachitira pakhungu. Ndiye mpweya ukakhala wouma, mwachitsanzo madigiri 35 ndi chinyezi cha 20 peresenti, mphepo yotuluka imatha kutsika ndi madigiri pafupifupi 10. Chinyezi chikafika 70 peresenti, imangotsika ndi madigiri 3 kapena 4, thupi n'kumangomata. Pamenepo ine ndingangogula fani wamba.

Musayembekezere kuti khonde lonse lizizira. Opindula ndi okhawo amene mphepoyo ikuwawomba, choncho ikani makinawo mamita awiri kapena atatu kuchokera pamipando, kumbali imene mphepo ikuchokera. Yambani mwatchinga dzuwa, chifukwa simenti yotentha imabwezabe kutentha.

Madzi muzisintha pafupipafupi, akakhalitsa amanunkha komanso udzudzu umaswana. Pulagi isakhale ponyowa.